Nyerere za pansi pa simenti kunyumba kwathu ku South Bend: mmene ntchito ikuyendera

21 Epulo

Lero ndi tsiku lachitatu motsatizana tikudzuka n'kupeza nyerere zitandanda m'khitchini. Mzere wake ukuchokera pansi pa chitseko cha kumbuyo, kutsata m'mphepete mwa khoma, kudutsa kuseri kwa filiji, n'kukathera pa bini. N'zazing'ono, zoderako, ndipo sizithamanga ngati nyerere zina. Zimangoyenda mwachifatse, ina pambuyo pa inzake.

Tili ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Nyumbayi ndi yakale ndipo ili ndi chipinda chapansi, koma khitchini anachita kuwonjezera pambuyo pake, n'kuimanga pa simenti yothiridwa padothi penipeni. Kunja kwa chitseko kuli khonde la konkire lomwe linang'aluka pakati. Chipale chofewa chatha, dzuwa layamba kutenthetsa simenti masana, ndiye zonse zimene zinagona pansi pake zadzuka.

Chikundisowetsa mtendere si shuga kapena buledi ayi, koma mwana. Wamng'ono wathu ali ndi miyezi 10, akukwawa, ndipo chilichonse chimene watola pansi chimathera kukamwa. Dzulo mayi ake anamupeza atakhala pafupi ndi bini, nyerere zitamukwera m'miyendo. Sizinamulume, koma mtima wa mayiyo sunakhale m'malo tsiku lonse.

Lachisanu ndinagula mankhwala opopera n'kufaira mzere wonse. Zinafa mbwee, tinakolopa. Loweruka m'mawa zinabweranso, ndinapoperanso. Lero zabwera ndithu, koma zina zikutulukira pansi pa kabati ya sinki, pomwe payipi imalowera mu simenti. Ndiye kuti kwa masiku awiri ndathira mankhwala pansi pomwe mwana amakwawa, nyerere n'kungotsegula khomo lachiwiri. Chitini chija ndachiika pamwamba m'galaja. Sindipoperanso m'nyumba muno mpaka nditadziwa chimene ndikulimbana nacho.

24 Epulo

Usiku wa dzana ndinatola nyerere zisanu ndi selotepi n'kuzimata papepala loyera. Ndinaika galasi lokulitsira zinthu kutsogolo kwa kamera ya foni, kuzijambula, kenako kufananiza ndi zithunzi za akatswiri a tizilombo a ku Purdue University. Yunivesite imeneyi ili ndi nthambi yolangiza anthu m'maboma onse a Indiana, ntchito yofanana ndi ya alangizi a zaulimi kwathu.

Zonse zisanu n'zofanana msinkhu, pafupifupi mamilimita 3. Pachiuno zili ndi timfundo tiwiri, kumsana timinga tiwiri tatifupi, ndipo pamutu ndi pachifuwa pali timizere tondondozana ngati mizere yongoungidwa kumene m'munda. Kuno amazitcha pavement ant chifukwa zimakonda kumanga pansi pa simenti ya tinjira toyenda anthu, ya makonde ndi ya maziko a nyumba. Dzina lake la sayansi ndi Tetramorium immigrans. M'zolemba zakale mupezamo dzina lakuti Tetramorium caespitum, koma mu 2017 akatswiri atapendanso gulu lonselo anapeza kuti za ku America kuno ndi mtundu paokha. Kwawo ndi ku Ulaya, ndipo kuno zinafika kalekale pamodzi ndi katundu wa m'sitima zapamadzi.

Ndinachezera dzinali usiku wonse chifukwa pali mitundu ina iwiri imene imalowa m'nyumba za kuno, ndipo uliwonse umafuna kachitidwe kake. Pali carpenter ant, zikuluzikulu zakuda za mfundo imodzi pachiuno, zomwe zimaboola matabwa onyowa n'kumangamo. Nyumba za kuno mafupa ake ndi matabwa, choncho zikanakhala zimenezo ndikanaitana katswiri mawa lomwe. Palinso odorous house ant, yomwe ukaitswanya imanunkha ngati kokonati wowola. Imeneyo imakhala ndi mafumukazi ambiri ndipo imasamukasamuka. Ndinatswanya imodzi mwa zathuzi ndi chala n'kununkhiza: palibe fungo.

Zathuzi sizidya matabwa. Mbola zili nayo, koma nthawi zambiri siiboola khungu la munthu. Nditawauza zimenezi mayi a ana, anapumira m'mwamba.

Chimene chandikhazika pansi ndi kuchuluka kwake. Mudzi umodzi wa nyerere zimenezi umakhala ndi antchito masauzande, nthawi zina kupitirira 10,000, ndipo kawirikawiri mfumukazi imakhala imodzi yokha, pansi penipeni, ikuikira mazira. Zimene timaziona m'khitchini ndi kagulu kochepa kotumidwa kukasaka chakudya. Ndikapha 200 lero, mawa kutuluka 200 ena. Yofunika kufikiridwa ndi mfumukaziyo, ndipo ine pansi pa simenti sindingalowepo. Amene angalowepo ndi nyerere zomwezi.

27 Epulo

Lero ntchito inali yogwada. Ndinadontheza uchi pakapepala, kudikira mzere ukhazikike, kenako kutsatira zokhuta zimene zimabwerera kwawo. Yobwera kudzadya sikuuza kanthu. Yoti uitsatire ndi yomwe mimba yatupa. Mzere wa pansi pa sinki sungautsatire patali, umangolowa pampata wozungulira payipi n'kuzimirira. Wa pachitseko ndinautsatira mpaka panja: umatsika sitepe, kuyenda m'mphepete mwa khoma ngati mamita awiri, n'kulowa mumng'alu wa pakhonde.

M'ming'alu monsemo muli timilu ta mchenga wosalala tokhala ndi kabowo pakati. Chaka chatha ndinkatisesa poganiza kuti ndi mphepo yatiunjika, osadziwa kuti ndi dothi lomwe nyerere zimafukula pokuza zipinda zawo. Simenti imazipatsa zonse zimene zikufuna: masana imatentha n'kufunditsa mazira ndi mphutsi, pansi pake sipaumiratu, ndipo mbalame kapena phazi la munthu sizifikapo.

Ndajambula bwalo lonse pakatoni n'kulemba malo anayi: mng'alu wa pakhonde, pomwe khonde limakumana ndi khoma la khitchini, pansi pa sitepe ya galaja, ndi kanjira koyenda anthu kutsogolo kwa nyumba, komwe kuli timilu tambiri kuposa kwina konse. Malo awiri oyambawo ndikuona kuti ndi mudzi umodzi, womwewo umene ukutulukira pansi pa sinki. Ndinatenga nyerere ya pamng'alu n'kuiika pamzere wa kukhoma, zinangogundana tinyanga n'kupitiriza ulendo. Ya kutsogolo kwa nyumba nditaiika pomwepo, zinaigwira miyendo nthawi yomweyo. Nyerere zimadziwana ndi fungo la pakhungu, ndipo mudzi uliwonse uli ndi lake.

Madzulo tinakhuthula makabati. Shuga, ufa ndi mpunga talowetsa m'zidebe zotseka bwino. Tinakoka filiji ndi chitofu, ndipo zimene tinapeza m'mbali mwa chitofu zikanadyetsa mudzi wonsewo mpaka Disembala: mafuta odontha, zinyenyeswa, njere za mpunga. Kampando kodyerapo mwana nako kanali ndi phala louma m'makona. Nyambo ya poizoni imene ndikufuna kutchera singagwire ntchito ngati m'nyumba muli chakudya chokoma kuposa iyo.

28 Epulo

Ndisanagule nyambo ndafuna kudziwa chimene zikulakalaka panopa. Pafupi ndi mng'alu wa pakhonde ndinaika timapepala tinayi: ka uchi, ka chiponde, ka dzira lowiritsa, ndi ka mafuta ophikira. Patatha mphindi 40, pachiponde panali patada bii. Uchi unali wachiwiri. Dzira linali ndi zingapo, mafuta okha analibe alendo.

N'zomveka. Ino ndi nyengo yolera mphutsi, ndipo mphutsi zimafuna zomanga thupi ndi zamafuta, pamene antchito amafuna zotsekemera kuti apeze mphamvu zoyendera. Ndigula nyambo za mitundu yonse iwiri.

Ndayambanso kuwerenga, kuti ndisamangodalira maso ndi mtima. Madzulo aliwonse 7 koloko ndiziika kapepala ka uchi malo atatu, kudikira theka la ola, kujambula ndi foni, n'kuwerenga pachithunzi. Lero: pansi pa sinki 58, pachitseko 41, pa sitepe ya galaja 75.

30 Epulo

Nyambo zalowa.

M'nyumba ndaika yamadzi yotsekemera ya Terro, yomwe pachikutiro pake analemba kuti muli borax 5.4 peresenti. Imabwera m'timapulasitiki totseka tokhala ndi kakhomo kolowera nyerere. Kamodzi kali pansi pa sinki, m'kabati yomwe taikapo loko wa ana, kena kuseri kwa filiji komwe dzanja la mwana silingafike. Panja ndawaza yamibulu yamafuta yokhala ndi hydramethylnon m'mbali mwa mng'alu ndi pa sitepe ya galaja. Ndawaza madzulo, pansi pali pouma, chifukwa mankhwala amenewa amatha mphamvu msanga padzuwa ndipo mibulu ikanyowa nyerere zimaikana. Mlingo ndatsata wolembedwa pabotolo. Kuno malangizo a pachikutiro cha mankhwala ophera tizilombo ndi lamulo la boma, si uphungu wamba. Nambala ya Poison Control, komwe amathandiza munthu akamwa poizoni, taimata pafiliji.

Ndilembe bwino chifukwa chake njira imeneyi imagwira, poti ndikudziwa kuti masiku akubwerawa ndidzafuna kudzikumbutsa. Nyerere yaikulu simeza chakudya cholimba. Kukamwa kwake kuli kosefera, moti imangomwa zamadzi. M'mimba ili ndi kathumba kosungira zimene yamwa, ndipo ikafika kwawo imabzikula n'kumwetsa anzake, mphutsi ndi mfumukazi, kamwa ndi kamwa. Zolimba zimaperekedwa kwa mphutsi, zomwe zimagaya n'kugawirako akuluakulu madzi ake. Mudzi wonse uli ngati ukudyera m'mbale imodzi. Choncho mankhwala abwino ndi amene sapha msanga. Borax amawononga m'mimba pang'onopang'ono, hydramethylnon amatseka njira imene thupi limapangira mphamvu, ndipo onse awiri amaipatsa nyerere nthawi yoti ifike kwawo, igawe, ibwerenso kudzatenga wina. Opopera aja amapha pomwepo, ndiye palibe chofika kwa mfumukazi. Komanso otsala amawanunkhiza n'kulambalala malowo, monga zinachitikira sabata yatha.

Ndiye lamulo la m'nyumba muno kuyambira lero: mzere wopita kunyambo osaupha, osausesa, osaukolopa.

2 Meyi

Tsiku lovuta kuposa onse. Nditabwera kuntchito ndinapeza mayi a ana ataima pakhomo la khitchini, mwana ali kumsana. Anandilozera pansi pa sinki osalankhula. Nyerere zinali piringupiringu, mzere utanenepa ngati chala, kapulasitiki ka nyambo kosaoneka n'komwe. Kenako anati, "Bambo a mwana, mwatiitanira nyerere za dera lonse lino. Zija munkapopera zinkachepako."

Sindinawatsutse, chifukwa zimene amanena zinali pamaso pathu tonse. Ine ndemwe dzanja limayabwa kuti ndikatsitse chitini chija m'galaja. Koma kuchuluka kumeneku ndiye umboni wakuti nyambo yalandiridwa. Yoyamba kuipeza imabwerera ikusiya kafungo pansi, zotsatira zimawonjezera kafungoko, mpaka njira imakula.

Usiku tinaimbira apongozi ku Ntcheu pa WhatsApp, ndipo mayi a ana anawaonetsa kabatiyo pavidiyo. Iwo anati tithire phulusa kuzungulira nyumba, monga timachitira linthumbu likabwera usiku. Ndinakulira momwemo, ndikukumbuka kudzutsidwa pakati pa usiku, nkhuku zikulira m'khola, akuluakulu akuwaza phulusa lamoto pakhomo. Ndinati, "Amayi, phulusa limathandiza pa linthumbu chifukwa ndi la paulendo, mukalitchingira limakhota n'kupita kwina. Izi ndi zokhala pompano, mudzi wake uli pansi pa khitchini. Tikazitchingira pakhomo zitulukira pasinki." Anakhala chete pang'ono, kenako anauza mwana wawo kuti, "Ndiye apatseni mpata bambowo. Walira mvula walira matope."

Tagwirizana masabata awiri. Taika kageti ka ana pakhomo la khitchini. Pakapita masabata awiriwo zinthu zisanasinthe, tiitana kampani.

6 Meyi

Kapulasitiki ka pansi pa sinki kauma, ndaika kena pomwepo osasuntha malo. Mzere wayamba kuwonda, ndipo zina zikuyenda mozandima. Pansi pa sinki 30, pachitseko 12, pagalaja 70. Pagalajapo sipakusintha.

11 Meyi

Zimene ndaona lero si za ntchito yathu mwachindunji, koma sindingazisiye. Mwana wathu wamkulu, wa zaka 7, anabwera akuthamanga kuti pakanjira ka kutsogolo munthu wataya khofi. Titapita tinapeza banga lakuda lalikulu ngati mbale ya ndiwo, likuyenda. Zinali nyerere masauzande zitagwirana ziwiriziwiri, zitatuzitatu, ina yaluma kanyanga ka inzake, ina ikukoka mwendo. Midzi iwiri yoyandikana ikulimbirana malire.

Mtundu umenewu umadziwika ndi nkhondo zoterezi, makamaka miyezi ino pamene mudzi uliwonse ukukula n'kufuna malo osakako chakudya. Tinakhala pansi pakapinga pafupifupi ola lathunthu tikuonerera. Chinandidabwitsa n'chakuti zambiri zimangogwirana n'kukankhana nthawi yaitali osaphana, ngakhale pofika madzulo m'mphepete munali mitembo ndithu. Bambo wachikulire woyandikana nafe anatipeza pomwepo n'kunena kuti amaziona chaka chilichonse chibwerereni m'dera lino, ndipo sizinamulowerepo m'nyumba. Anafuna kundibwereka mankhwala ake opopera pabwalo, ndinathokoza n'kukana.

Pamenepo ndi pomwe ndamanga mfundo pa malo achinayi aja. Midzi ya kutsogoloyi ndiisiya. Ili kutali ndi khoma, ndipo palibe mzere wake umene ukulunjika kunyumba. Imatola tizilombo takufa ndi nyenyeswa za mumsewu. Ndikaipha, malowo sakhala opanda mwini, kubwera ina. Komanso mankhwala opopera a gulu la pyrethroid ndi oopsa kwa nsomba ndi tamoyo ta m'madzi, ndipo chilichonse chothiridwa pa simenti yapamsewu mvula imachikokolola kupita m'ngalande, mapeto ake mumtsinje wa St. Joseph. Chimene ndikufuna si bwalo lopanda nyerere. Ndikufuna zisakhale pansi pa khitchini ndi m'mphepete mwa khoma.

15 Meyi

M'nyumba zikuyenda bwino: pansi pa sinki 4, pachitseko palibe. Masabata awiri aja atsala pang'ono kukwana ndipo za kampani sizinatchulidwenso.

Pagalaja ndiye pandivuta, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, mibulu imene ndinawaza ulendo wachiwiri inanyowa ndi mvula ya usiku womwewo, m'mawa inali phala. Sindinaone zanyengo ndisanawaze. Chachiwiri, pofuna kufulumizitsa zinthu ndinasakaniza nyambo yangayanga: borax wochapira zovala supuni yodzaza, shuga ndi madzi pang'ono, n'kuthira m'chitsekerero cha botolo. Kutacha ndinapeza nyerere ngati 20 zitafera m'mbali mwa chitsekererocho, zina zonse zikuchilambalala. Unali wamphamvu kwambiri. Zomwa zinafera panjira, zotsala zinaukana.

Ndakonza ndi sikelo ya m'khitchini. Borax magalamu 5, shuga magalamu 125, madzi ofunda mpaka zonse zikwane theka la lita. Ndiye kuti borax ndi 1 peresenti, shuga 25 peresenti. Wochepa chonchi amachedwa, amafuna masabata osati masiku, koma nyerere zimamwa osakayika. Ndanyika thonje m'madziwo, kuliika m'kabotolo kotseka komwe ndaboola timabowo pachivundikiro, n'kukagoneka pansi pa sitepe, njerwa pamwamba kuti agologolo ndi ana asakafikire. Botolo lalikulu ndalilemba ndi zilembo zazikulu n'kulikhomera m'galaja. Madzi a shuga amasasa msanga kukatentha, ndiye ndizisintha thonje masiku atatu alionse. Mibulu nayo tsopano ndikuiika pansi pa chidutswa cha thailosi chotsamira khoma, kuti mvula ndi dzuwa zisaipeze.

26 Meyi

Masiku asanu ndi awiri motsatizana kapepala ka uchi pansi pa sinki kakugona osakhudzidwa. Pachitseko chimodzimodzi. Timilu ta mchenga ta pamng'alu wa pakhonde ndinatisesa Lolemba, mpaka lero sitinabwererenso. Chimenechi ndiye chizindikiro chimene ndimachikhulupirira kuposa kuwerenga, chifukwa mudzi wamoyo suleka kufukula. Pagalaja 22.

Tsopano ndi nthawi yotseka makomo. Ndinachedwetsa dala ntchito imeneyi. Ndikanamata mipata tsiku loyamba, ndikanadula njira yopita kunyambo mudzi udakali wamphamvu, ndipo ukanaboola pena pomwe sindikupadziwa.

Dzulo ndi lero ndachita izi. Tachotsa nyambo za m'nyumba n'kutsuka njira zonse ndi madzi a sopo ndi viniga, kuti kafungo kolondolera kaja kathe. Mpata wozungulira payipi ndaumata ndi silikoni, pamodzi ndi mng'alu wautali wa pakati pa simenti ndi khoma kuseri kwa chitofu, umene ndinauona titakoka chitofucho. Kunsi kwa chitseko cha kumbuyo ndaika labala watsopano, wakale anali atadyeka moti kuwala kumalowa. Mng'alu wa pakhonde ndaukolokosa ndi waya, kuupukuta, kulowetsamo chingwe cha siponji chifukwa ndi wakuya, kenako kuthira phala lomatira konkire.

Pogwada pamenepo ndi pomwe ndaona chimene ndikuganiza kuti ndiye gwero la zonsezi. Payipi yotsitsa madzi a padenga imathera pakona ya khonde penipeni. Mvula iliyonse madzi amalowa pansi pa simenti, kukokolola mchenga, kusiya mphako ndi chinyezi. N'kutheka kuti mng'alu uja unayambanso ndi madzi omwewa, poti kuno madzi akalowa pansi n'kuuma ndi chisanu amatukula simenti. Ndalumikiza payipi ina yoti iziwataya pakapinga, mamita awiri kuchokera pakhoma. Zinyalala zamitengo zimene tinayala m'maluwa ndazikokera kumbuyo, kusiya mpata wa dothi louma ngati masentimita 30 m'mphepete mwa maziko. Miphika ya maluwa yomwe inali pasimenti ndaiika pa timiyendo, pansi pa umodzi panali kale tinyerere ndi mazira ake.

Kageti ka pakhomo la khitchini tachotsa. Mwana walowa n'kulunjika ku kabati ya mapoto.

22 Juni

Usiku kunagwa mvula, m'mawa kunacha kotentha ndi kwachinyezi. Cha m'ma 8 koloko mayi a ana anandiitana pawindo: pakanjira ka kutsogolo pamatuluka tizilombo ta mapiko, tambirimbiri, tikukwera pa udzu n'kuuluka. Mantha awo anali akuti ndi chiswe, ndipo m'nyumba yamatabwa mantha amenewo si opanda pake.

Ndinagwira ziwiri. Nyerere ya mapiko ili ndi chiuno chowonda, tinyanga topindika ngati chigongono, ndipo mapiko akutsogolo ndi aatali kuposa akumbuyo. Chiswe cha mapiko, ngati ngumbi zathu zija, chilibe chiuno, tinyanga take n'toongoka, ndipo mapiko onse anayi ndi ofanana. Izi zinali nyerere: zazimuna ndi mafumukazi atsopano a midzi ya kutsogolo ija, zazikulu kuwirikiza kawiri antchito. Juni ndi Julayi ndiyo nyengo yake. Zimakwerana, zazimuna zimafa, mfumukazi imathothola mapiko ake n'kufunafuna mng'alu woti ilowemo iyambitse mudzi. Mpheta zinali pomwepo zikudya.

Wamkulu uja anafunsa ngati tingazikazinge ngati ngumbi zimene agogo ake amamusimbira. Ndinamuuza kuti ayi, ndipo ndinamulonjeza kuti tikadzapita kumudzi nthawi ya mvula zoyamba adzaziona zenizeni pachulu.

Chofunika kwa ine chinali m'nyumba ndi pakhonde. Ndinayendera mawindo onse a khitchini, chifukwa za mapiko zikatulukira m'nyumba zimathamangira kowala. Palibe ngakhale imodzi. Pakhonde palibe. Mudzi wa pansi pa khitchini ukanakhala wamoyo ndi wamphamvu, lero ukanadzionetsa. Komabe masana ndinapeza mafumukazi atatu opanda mapiko akuyendayenda m'mphepete mwa khonde, akulowetsa mitu paliponse pooneka ngati mpata. Pomwe panali mng'alu anapeza pomata. Ndinawatola.

Pagalaja papita sabata ziwiri kapepala kali mbee. Kabotolo ka thonje ndachotsa.

14 Julayi

Mzere watsopano, koma wa panja. Ukuchokera pakapinga kupita pa kadimba kathu ka mpiru ndi nyemba m'mbali mwa nyumba. Nditatembenuza masamba ndinapeza nsabwe za zomera zitadzaza kunsi, nyerere zikuyenda pakati pake kunyambita timadzi totsekemera timene nsabwezo zimatulutsa. Apa nyambo sindinaike. Ndatsuka masamba ndi madzi a paipi, madzulo ndawaza madzi a sopo wochepa, masamba oipitsitsa ndathyola. Chakudya chikatha pafupi ndi khoma, mzere uleka wokha.

11 Ogasiti

Loweruka tinali ndi alendo, tinaotcha nyama pakhonde, tinagona mochedwa osatsuka. M'mawa pansi pa chootcheracho, pomwe mafuta anadonthera, panali pakuda ndi nyerere. Ndinazitsatira: zikuchokera kuseri kwa mpanda, kwa oyandikana nawo, ulendo wa mamita oposa asanu. Takwecha simenti ndi madzi otentha a sopo, ndipo pofika madzulo kunali zii. M'khitchini sizinalowe, ngakhale zinadutsa pafupi ndi chitseko. Labala uja ndi silikoni zagwira ntchito. Ndagula thireyi yoika pansi pa chootchera.

8 Seputembala

Timapepala ta uchi tsopano ndikuika kamodzi pa sabata, Lamlungu madzulo. Kuyambira kumapeto kwa Meyi, pansi pa sinki ndi pachitseko sipanapezeke kanthu. Pagalaja sabata yatha panapezeka 6, ndipo pakona ya sitepe paoneka kamulu kamodzi kakang'ono ka mchenga. Mwina ndi mfumukazi ya mu Juni ija yapeza malo, chifukwa mng'alu wa pamenepo sindinaumate. Ndabwezeretsa kabotolo ka thonje la 1 peresenti. Mudzi ukadali waung'ono chonchi suyenera kutenga nthawi.

Phala la pamng'alu wa pakhonde latsika pang'ono malo awiri, pafunika kuwonjezera. Payipi ya madzi a padenga inaguluka nthawi ina potchetcha kapinga, ndaimanga ndi sikuluwu.

Zotsala chisanu chisanayambe: kudikira pagalaja pakhale mbee masabata awiri, kenako kumata mng'alu wa sitepeyo kudakali kotentha, chifukwa phala lomatira silimata bwino pa simenti yozizira kapena yonyowa. Kuchotsa masamba m'ngalande za padenga mitengo ikayoyola mu Okutobala. Pakalendala ndalembapo 15 Januwale. Simenti ya pansi pa nyumba yotenthetsedwa siizizira ngati ya panja, ndipo mudzi wokhala pamenepo umatha kuyenda ngakhale kutulutsa za mapiko pakati pa dzinja la chipale chofewa. Tsiku limenelo ndidzaika kapepala ka uchi ndi ka chiponde pansi pa sinki ndi kuseri kwa chitofu, ndi kuyendera mawindo a khitchini ndi tochi.